Tiyambire pati pophunzitsa ndi kuthandiza osunga chuma m'chipani chathu cha asisitere?

Wafunsa: Mlangizi wa Chipani

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine sisitere wa chipani china chomwe chili pansi pa ulamuliro wa dayosizi kuno ku Malawi, ndipo ndili m'gulu la alangizi a Amayi Akulu, omwe ndi mkulu wa chipani chathu. Ndapatsidwa ntchito yokonza maganizo a momwe tingaphunzitsire ndi kuthandizira onse amene amagwira ndalama za chipani, kuyambira msungichuma wamkulu ndi asisitere osunga chuma m'nyumba zathu zing'onozing'ono, mpaka makalaliki omwe ndi akhristu eni ake amene tinawalemba ntchito pa sukulu ndi pa chipatala chathu.

Msungichuma wathu wamkulu anaphunzira zauphunzitsi, ndipo udindowu anaulandira chifukwa cha kumvera. Amagwira ntchito mokhulupirika, koma mabuku ochokera ku nyumba zina amafika mochedwa, opereka thandizo aliyense amafuna lipoti lolembedwa mwa njira yakeyake, ndipo chaka chikatha maodita amafunsa zinthu zomwe ambiri mwa ife sitizimvetsa. Ndalama zomwe tingapatulire maphunziro ndi zochepa kwambiri. Kodi nzeru yabwino ndi kutumiza sisitere mmodzi ku koleji kwa zaka zingapo, kukonza maphunziro aafupi a onse pamodzi, kapena kulemba ntchito akauntanti wodziwa kale? Ndingakondwe kumva kwa amene munadutsamo kale m'njira imeneyi.

Ayankha: Wansembe wa ku Chigawo cha Pakati

Sisitere, zikomo chifukwa cha funso lanu. Ndisanasankhe pa njira zitatu zomwe mwatchulazi, ndiloleni ndinene kuti anthu oyamba kuphunzitsidwa ndi inuyo alangizi pamodzi ndi Amayi Akulu, chifukwa malamulo a Mpingo saika chuma cha chipani m'manja mwa msungichuma yekha. Buku la malamulo a Mpingo la 1983, pa lamulo 636, limanena kuti chipani chilichonse chikhale ndi msungichuma yemwe ndi munthu wina osati mkulu wa chipani, kuti msungichumayo azigwira ntchito motsogoleredwa ndi mkuluyo, ndiponso kuti azipereka lipoti pa nthawi ndi mwa njira yomwe malamulo a chipanicho anakhazikitsa. Limawonjezera kuti ngakhale m'nyumba zing'onozing'ono, ngati n'kotheka, wosunga chuma asakhale yemweyo amene akutsogolera nyumbayo. Tsono lipoti limakhala ndi phindu pokhapokha wolilandira atatha kuliwerenga. Ngati alangizi amangoyang'ana nambala yomaliza n'kusaina, ndiye kuti msungichuma wanu, ngakhale atabwera ndi digiri, adzakhalabe wopanda womufunsa ndiponso wopanda womuteteza tsiku limene zinthu zidzasokonekera.

Popeza mwanena kuti chipani chanu chili pansi pa dayosizi, pali malamulo awiri oti alangizi nonse muwadziwe bwino. Lamulo 637 limapatsa episkopi ufulu wodziwa momwe chuma cha nyumba za chipani chotere chikuyendera. Lamulo 638 limanena kuti pogulitsa katundu wokhazikika, kapena pochita china chilichonse chomwe chingaike chuma cha chipani pa chiswe, pamafunika chilolezo cholembedwa cha mkulu wa chipani mogwirizana ndi alangizi ake, ndipo pa zipani za dayosizi pamafunikanso chilolezo cholembedwa cha episkopi. Mtengo wa katunduyo ukapyola malire omwe anaikidwa a dera limenelo, nkhani imafika mpaka ku Roma. Pa za ngongole, lamulo 639 limachenjeza akuluakulu kuti asalole ngongole pokhapokha atatsimikiza kuti chiwongoladzanja chingalipidwe kuchokera ku ndalama zomwe zimalowa nthawi zonse, ndiponso kuti ngongole yonseyo ingabwezedwe posatalikitsa. Zimenezi sizimaphunzitsidwa ku koleji ya zowerengera ndalama, choncho akauntanti wodziwa bwino ntchito yake akhoza kulangiza chipani kuti chikongole ku banki n'kupereka malo ngati chikole, iye osadziwa kuti mgwirizano umenewo ulibe mphamvu pamaso pa Mpingo ngati zilolezo zija palibe.

Chinthu china chomwe sichifuna ndalama ndi chimene chili pa lamulo 1283, lomwe limafuna kuti munthu asanayambe kuyendetsa chuma cha Mpingo alumbire kuti adzagwira ntchito mokhulupirika, ndipo palembedwe mndandanda wa katundu yense pamodzi ndi mtengo wake, womwe iye ausaine. Ndaona nyumba zambiri zomwe zili ndi minda, zigayo ndi magalimoto, koma mapepala a malo ali m'dzina la munthu amene anamwalira kalekale, ndipo palibe amene akudziwa kabati yomwe akusungidwamo.

Ku Roma nako nkhaniyi anaiona kuti ndi yaikulu. M'chaka cha 2014, nthambi yoyang'anira moyo wa odzipereka, monga asisitere ndi mabulaza, inachititsa msonkhano wa osunga chuma a zipani ndipo inatumiza kalata ya malangizo kwa akuluakulu onse, kenaka m'chaka cha 2018 inatulutsa chikalata chachitali chofotokoza kuti chuma chiyenera kutumikira mphatso yauzimu ya chipani ndi utumiki wake. Chikalatachi chimapempha chipani chilichonse kuti chitchule momveka katundu wake wokhazikika, kuti chizikonza bajeti, ndiponso kuti nkhani za chuma ziziphunzitsidwa kuyambira pamene munthu akukonzekera malumbiro. Chimalola kugwiritsa ntchito akatswiri omwe ndi akhristu eni ake, koma chimakumbutsa kuti udindo womaliza umatsalabe m'manja mwa chipani. Ndikanakhala ine ndikanatenga chikalatachi n'kumawerenga gawo limodzi pa msonkhano uliwonse wa alangizi, msungichuma ali pomwepo.

Ayankha: Akauntanti Wopuma

Ndikugwirizana ndi Bambo pa za malamulo a Mpingo, koma ndikupempha kuti tisaiwale malamulo a boma, chifukwa amenewa ndi omwe amabwera ndi chindapusa mwezi womwewo. Ine ndinagwirapo ntchito pa chipatala china cha asisitere ngati woyang'anira maakaunti, ndipo zomwe zinkatisowetsa tulo zinali zinthu za tsiku ndi tsiku. Msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito uyenera kufika ku Malawi Revenue Authority pofika pa 14 mwezi wotsatira. Lamulo la penshoni limafuna kuti wolemba ntchito azipereka osachepera 10 peresenti ya malipiro a wantchito, wantchitoyo n'kuwonjezerapo 5 peresenti, ndipo ndalamazi zizitumizidwa ku kampani yosunga penshoni m'nthawi yake. Nyumba ya asisitere yomwe ili ndi mlonda, wophika ndi dalaivala ndi wolemba ntchito ngati wina aliyense, ngakhale ambiri sadziona choncho. Mpingo nawo sunasiye mpata pamenepa, pakuti lamulo 1286 limalamula oyendetsa chuma kutsata mosamala malamulo a boma okhudza ntchito ndi kupereka malipiro achilungamo oti munthu adyetse banja lake.

Pa funso lanu, Sisitere, maganizo anga ndi akuti lembani akauntanti mmodzi wodziwa ntchito ku likulu la chipani, ndipo mumupatse udindo wophunzitsa asisitere osunga chuma m'nyumba zonse ngati gawo la ntchito yake yolembedwa m'mgwirizano. Koma ndiyenera kunena mosabisa chifukwa chomwe akauntanti ambiri sakhalitsa m'mabungwe a Mpingo. Malipiro ochepa ndi chifukwa chimodzi, koma chachikulu ndi chakuti munthu amapatsidwa udindo wa mabuku pamene theka la zochitika sakuuzidwa. Ndalama zimabwera kuchokera kwa bwenzi la chipani la kunja n'kulowa mu akaunti yomwe iye saidziwa, galimoto imagulidwa, ndipo iye amadzamva pamene maodita afunsa lisiti. Akafunsa, amayankhidwa kuti zimenezo ndi za m'nyumba. Ndikumvetsa kuti moyo wa chipani uli ndi zinsinsi zake zoyenera kulemekezedwa, monga za matenda a sisitere kapena thandizo lopita kwa makolo ake, koma chipani chiyenera kugamula poyera kuti malire ali pati, ndipo chilichonse chokhudza sukulu, chipatala ndi ndalama za opereka thandizo chizidutsa m'mabuku omwe akauntanti amawaona.

Kuthandiza wantchito wotere kumatanthauzanso kumulipirira umembala wake ku Institute of Chartered Accountants in Malawi ndi kumumasula kuti azipita ku maphunziro owonjezera omwe bungweli limafuna kwa mamembala ake chaka chilichonse. Malamulo a msonkho amasintha pafupifupi pa bajeti iliyonse ya boma, ndipo munthu amene anasiya kuphunzira zaka zisanu zapitazo akhoza kudula msonkho molakwika kwa antchito onse popanda kuzindikira. Makalaliki anu a pa sukulu ndi pa chipatala akhoza kuphunzira satifiketi kapena dipuloma akugwirabe ntchito, pakuti masukulu angapo, kuphatikizapo Malawi College of Accountancy, amakonzekeretsa anthu mayeso amenewa. Mukawalipirira, lembani mgwirizano woti adzatumikira kwa nthawi yakutiyakuti akamaliza.

Pali chinthu china chomwe ndikufuna kuti chilowe m'maphunziro aliwonse omwe mungakonze, ndicho kusiyanitsa ndalama zomwe zinaperekedwa pa ntchito inayake ndi ndalama za chipani. Lamulo 1267 limati chopereka chomwe chinaperekedwa pa cholinga china chigwiritsidwe ntchito pa cholinga chomwecho basi. Chiyeso chimabwera pamene ndalama zomangira chipinda cha amayi oyembekezera zili mu akaunti, pamene malipiro a antchito sanakwane, ndipo wina amati tibwerekeko kaye tidzabweza. Kugwa kwa kwacha kunakulitsa vutoli. Ndalama yathu inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero kuti amene anasintha ndalama zakunja zonse n'kuzisunga mu kwacha anapeza kuti simenti yomwe anaiwerengera sikugulikanso ndi ndalama zomwezo. Msungichuma wophunzitsidwa amadziwa kulembera wopereka thandizo msanga n'kupempha kuti bajeti ikonzedwenso, m'malo mongokhala chete mpaka tsiku la lipoti. Onaninso za Airtel Money ndi TNM Mpamba, chifukwa m'masukulu ambiri makolo amatumiza fizi pa nambala ya foni ya munthu mmodzi, ndipo ngakhale munthuyo akhale woyera mtima chotani, ndalama zimenezo sizitsatika.

Ayankha: Sisitere Msungichuma wa Chigawo

Mlongo wanga, ndikulemba ngati munthu amene ndili pa mpando womwe mukuukambawu. Mwayi wa maphunziro ulipo kuposa momwe ambiri amaganizira. Bungwe la African Sisters Education Collaborative, lomwe linayambitsidwa m'chaka cha 1999 ndi zipani za asisitere pamodzi ndi masukulu awo a ukachenjede a ku Pennsylvania ku America, limagwira ntchito m'maiko khumi a mu Africa, ndipo Malawi ndi Zambia ali m'gulumo. Kuyambira m'chaka cha 2007, mothandizidwa ndi Conrad N. Hilton Foundation, lakhala likuchititsa maphunziro a utsogoleri a asisitere omwe ali ndi nthambi ya kayendetsedwe ka ntchito ndi nthambi ya zachuma, ndipo aliyense womaliza amayembekezeka kukaphunzitsa anzake. M'chaka cha 2013 linayambitsanso ndondomeko yothandiza asisitere kupeza madipuloma ndi madigiri. Funsani ku ofesi ya AWRIM, bungwe lomwe limasonkhanitsa zipani za asisitere m'dziko muno, kuti mudziwe nthawi yomwe amalandira maina. Yunivesite ya Katolika ya ku Nguludi nayo imaphunzitsa zowerengera ndalama.

Koma apa ndi pamene ndikusiyana pang'ono ndi abambo awiri amene ayankha kale. Vuto lathu lalikulu ndi kusamutsana. Sisitere amaphunzira zachuma, amabwerako atadziwa kukonza bajeti ndi kuyanjanitsa mabuku ndi sitetimenti ya ku banki, ndipo chaka chisanathe amatumizidwa kukatsogolera nyumba ya anovisi, omwe akukonzekera malumbiro, kapena kukatsegula mishoni yatsopano, chifukwa munthu wanzeru amafunidwa paliponse. M'malo mwake mumalowa wina amene ayambirenso pachiyambi. Kuphunzitsa mwa njira imeneyi kuli ngati kutungira madzi m'dengu. Choncho musanatumize munthu ku sukulu, alangizi mugwirizane kuti akabwerako adzakhala pa ntchito ya chuma kwa nthawi yokwanira, ndipo pambali pake muike sisitere wachitsikana woti aziphunzira pomuthandiza. Chikalata cha 2018 chomwe Bambo atchula chimalangizanso kuti udindo wa msungichuma ukhale ndi malire a zaka, ndipo ine ndikuvomereza, chifukwa munthu akakhalitsa kwambiri chuma chonse chimakhala m'mutu mwake. Zinthu ziwirizi sizitsutsana ngati wolowa m'malo wakonzedwa nthawi ikadalipo.

Ndiwonjezere mbali yomwe simalembedwa m'malipoti. Ntchito ya msungichuma ndi yosungulumwitsa m'moyo wa chipani. Ndiwe amene umakana pempho la mlongo amene umadya naye pa tebulo limodzi, ndiwe amene umafunsa lisiti kwa sisitere wamkulu amene anakulandira uli postulanti, utangolowa kumene m'chipani, ndipo pa chikhalidwe chathu kufunsa wamkulu kuti ndalama anagwiritsa ntchito bwanji kumamveka ngati mwano. Achibale nawo akamva kuti wasankhidwa kusunga chuma amaganiza kuti fizi ya ana awo yapezeka. Thandizo lomwe ndinaliona kuti ndi lamtengo wapatali ndi pamene Amayi Akulu ananena okha pamaso pa asisitere onse kuti lamulo la malisiti ndi lawo, kuti iwonso azilitsata, ndiponso kuti msungichuma akafunsa akufunsa m'dzina la chipani. Msungichuma amafunikanso nthawi yake ya mapemphero ndi ya tchuthi ngati wina aliyense, pakuti kumapeto kwa mwezi ndi kwa chaka amakhala mu ofesi mpaka usiku pamene anzake ali m'tchalitchi.

Ayankha: Mwana wa Kwathu ku England

Ndine mkhristu wamba wochokera ku Malawi, ndipo ndimasunga mabuku a chipani china cha asisitere kuno ku England. Ndingowonjezera ziwiri. Choyamba, osunga chuma a zipani kuno ali ndi bungwe lawo lotchedwa Association of Provincial Bursars, momwe asisitere, ansembe, mabulaza ndi ife antchito timakumana n'kumaphunzitsidwa ndi maloya ndi maodita za kusintha kwa malamulo. Phindu lake lalikulu ndi lakuti ukakodwa uli ndi munthu woti umuimbire foni amene anakumanapo ndi vuto lomwelo. Chomwe chimatikakamiza ndi chakuti zipani zambiri kuno zinalembetsedwa ngati mabungwe achifundo, ndipo ziyenera kutumiza maakaunti ku Charity Commission pasanathe miyezi khumi chaka cha ndalama chitatha, pomwe aliyense angawawerenge pa intaneti. Ku Malawi zipani zingapo zikhoza kugawana mtengo wa mphunzitsi mmodzi kapena odita mmodzi mwa njira yomweyo, m'malo moti chilichonse chizivutika pachokha.

Chachiwiri ndi chenjezo. Asisitere ambiri kuno ndi okalamba, olowa chipani ndi ochepa kwambiri, ndipo gawo lalikulu la ndalama likupita ku chisamaliro cha odwala ndi okalamba. Zimenezi zikutanthauza kuti thandizo lomwe linkapita ku Africa kuchokera ku nyumba za ku Ulaya lipitiriza kuchepa. Ku America vutoli linakula mpaka maepiskopi anakhazikitsa chopereka cha chaka ndi chaka chothandiza odzipereka okalamba m'chaka cha 1988, chifukwa asisitere anagwira ntchito zaka zambiri m'masukulu ndi m'zipatala pa malipiro ochepa popanda kusunga za ukalamba. Zipani za ku Malawi zili ndi achinyamata ambiri lero, choncho ino ndiyo nthawi yoti osunga chuma aphunzire kuwerengera zaka makumi awiri kapena atatu kutsogolo, podziwa kuti ndi angati adzakhala atapuma ntchito ndiponso kuti adzasamalidwa ndi chiyani.

Wabwereranso: Mlangizi wa Chipani

Ndathokoza nonse. Ndidzapereka kwa alangizi anzanga maganizo oti tiyambe ndi mndandanda wa katundu ndi mapepala a malo, tifunse ku AWRIM za maphunziro a asisitere awiri m'malo mwa mmodzi, ndipo tikambirane ndi zipani zoyandikana nafe za akauntanti woti tingagawane. Pali chimodzi chomwe chikundivutabe. M'nyumba zathu zina muli asisitere atatu okha, ndipo mmodzi yemweyo ndiye amatsogolera nyumba, amasunga ndalama ndi kukagula zinthu ku msika. Kodi pamenepa ntchito tingazigawe bwanji?

Ayankha: Akauntanti Wopuma

Sisitere, anthu atatu ndi okwanira. Wotsogolera nyumba azivomereza zogula, wachiwiri azisunga ndalama ndi kulemba buku, ndipo wachitatu aziwerenga ndalama zotsala m'bokosi kumapeto kwa mwezi pamaso pa anzake awiriwo, onse n'kusaina pa tsamba lomwelo. Ku msika kulibe malisiti, choncho mukhale ndi kabuku ka mavocha momwe wogula alembe tsiku, zomwe wagula ndi mtengo wake, ndipo wina asaine. Akaunti ya ku banki ikhale m'dzina la nyumba ndi osaina awiri, ndipo msungichuma wamkulu azilandira sitetimenti kuchokera ku banki mwachindunji. Ngati mmodzi mwa atatuwo ndi wokalamba kapena wodwala, kuwerenga kwa kumapeto kwa mwezi kuchitike pamodzi ndi sisitere wochokera ku nyumba yoyandikana, ndipo chithunzi cha tsambalo chitumizidwe ku likulu pa WhatsApp tsiku lomwelo.